Mmene a Kamtedza Anakhalira Feki

M'ufumu wa Onerapo munthu sayamba chinthu asanasuzumire kwa mnzake. Mukamanga nyumba n'kulakwitsa khonde, pofika dzinja makonde a mudzi wonse akhala okhota. Mukagula chipewa chofiira Lolemba, Lamulungu tchalitchi chonse chafiira. Eni dziko sachita nazo manyazi, amati ndiko kukondana. Ngakhale mfumu yawo, Ndakhuta Wachiwiri, dzina inachita kuonera kwa bambo ake.

Zinthu zinasokonekera tsiku lotsegulira mlatho wa pamtsinje wa Dikirani. Mfumu inali itadetsa tsitsi ndi mankhwala amene nduna ina inagula motchipa pamsika. Ili mkati molankhula za chitukuko, mvula inayamba. Abale inu! Unyamata wonse wa mfumu unasungunuka, kutsika pachipumi, kudutsa m'mbali mwa mphuno, mpaka kukalowa m'kolala. Palibe anayerekeza kuseka. M'mawa mwake nduna zonse zinafika kunyumba yachifumu zitadzipaka mizere yakuda kumaso, poganiza kuti ndiyo fashoni yatsopano.

"Pukutani zimenezo!" inakalipa mfumu. "Mankhwala aja anali feki. Dziko lino ladzaza feki. Sopo feki, mabatire feki, nyimbo zongobena pazimbale. Ndikufuna chigawo chilichonse chipange lamulo lakelake lothana ndi zachinyengo. Ndipo osaonerana!"

Mawu omalizawo ndiwo anawawa. Abwanamkubwa a zigawo anayang'anana mwachisoni, pakuti chibadwire panalibe anapangapo lamulo osaonera la mnzake. Koma mfumu inalonjeza kuti amene lamulo lake lidzalume koposa azidzakhala pampando woyandikana nayo pamadyerero, pamene mbale ya nyama imayambira. Apo mitu inayamba kugwira ntchito.

Zigawo zinalipo zambiri, koma nkhani ili pa ziwiri zoyandikana, Bolakunena ndi Zenizeni. Bwanamkubwa wa Bolakunena anali munthu wokonda tulo ta masana, ndipo lamulo lake linali lalifupi: gulitsani feki mmene mungathere, bola munene mokweza kuti ndi feki. Koma wa Zenizeni, a Mkokomo, mpando wa pafupi ndi nyama uja ankaulota ndi masana omwe. Iwo analamula kuti chilichonse chokopera chizitenthedwa. Ndipo pofuna kuteteza oimba, amene anati amawakonda kuposa ana awo, anaonjezerapo kuti nyimbo isaimbidwe, isalizidwe pawailesi, ngakhale kuiimba ndi mluzu, pokhapokha mwini wake ali pomwepo, atakhala pampando, anthu akumuona. Za malipiro a mwini nyimboyo anati adzakambirana pamsonkhano wina.

Malire a zigawo ziwirizi ndi ngalande ya madzi oipa imene imadutsa pakati penipeni pa msika wa Pangalande. Ndiye apolisi a Zenizeni akangotulukira, amalonda ankanyamula mabenchi awo n'kudumpha ngalande, kenako n'kutembenuka, n'kuyamba kuitanira mwaulemu wonse.

"Feki! Feki wabwino kuno! Mabatire feki, amatha mawa!"

"Mafuta odzola feki, amayi! Amayabwa pang'ono pokha!"

Apolisi ankangoima tsidya lawo, manja m'chiuno, ena n'kumatuma anzawo kuti awagulireko. Mayi wina wogulitsa sopo anati chiyambire geni miyendo yake sinalimbepo chotere, ndipo anathokoza boma chifukwa choganizira thanzi la anthu.

Amene lamuloli linawagwera pamutu anali a Gelevazio Kamtedza, mkulu woimba banjo, amene nyumba yawo inali tsidya la Zenizeni moyang'anana ndi ngalandeyo. A Kamtedza ndiwo anapeka "Nsapato za Alamu," nyimbo imene ufumu wonse unkavina. Nkhope yawo ankaidziwa ndi anthu a pamsika okha, koma nyimboyo ngakhale mwana woyamwa ankaigwedezera mutu. Kalekale munthu wina anawajambula akuimba pamowa n'kuika nyimboyo pachimbale. Chimbalecho chinakandika asanachikopere aliyense, ndipo onse amene anabena pambuyo pake anabena chokandikacho. Ndiye nyimbo imene dziko linkaidziwa inkati:

*Nsapato za alamu ndabwereka m'mawa,*
*zikundithina-thina-thina-thina...*

kenako n'kudumphira kumapeto. Pa "thina-thina" pamenepo ndi pamene anthu ankadula chiuno koposa. Ndime yapakati, imene chimbale chinkailumpha, palibe ankadziwa kuti ilipo. A Kamtedza poyamba ankadandaula nazo, kenako anangozisiya, n'kumalima mbatata zawo.

M'mawa wina kunabwera wapolisi wamtali pa njinga yakapalasa, dzina lake Sajeni Dzoole.

"Odi kuno! A Kamtedza ndinu? Boma lakutetezani."

"Zikomo kwambiri. Landiteteza kwa yani?"

"Kwa akuba nyimbo. Kwerani pakaliyala, madala. Kuli chinkhoswe kuseri kwa phiriko, anthu akudikira inu kuti ayatse wailesi."

Kuyambira tsiku limenelo a Kamtedza khasu sanaligwirenso. Ankachoka kuchinkhoswe kupita kumowa, kuchoka kumowa kupita kusukulu kumene ana amafuna kuvina, kuchoka kumeneko kupita kunyumba kwa a Mkokomo, kumene akazi awo ankachepetsa thupi podumphadumpha ndi nyimbo yomweyo. Kulikonse ankangowakhazika pampando ngati mphika wa maluwa, wailesi n'kumalira, anthu n'kumathina-thina pamaso pawo. Mkulu wina wa kuofesi ya misonkho, amene sankatha kusamba osaimba mluzu, anawaitanitsa kuti akhale panja pa bafa. Fumbi la m'misewu linawasasitsa mawu, kaliyala inawaphwetsa matako, jekete inang'ambika m'khwapa. Pofuna kuwalemekeza, a Mkokomo analengeza kuti a Kamtedza tsopano ndi chuma cha chigawo, choncho saloledwa kuwoloka ngalande.

Apa ndi pamene panali vuto lenileni. A Kamtedza ndi akazi awo, Nangondo, anali ndi mwana mmodzi yekha, Eneleti, ndipo ukwati wake unali Loweruka. Mwamuna wake, Yotamu, anali kalipentala wa ku Bolakunena, ndipo tchalitchi chimene banja lonse linkapemphera chinali tsidya lomwelo, pafupi kwambiri moti belu lake linkadzutsa nkhuku za a Kamtedza. Chibadwire cha mwanayo, bambo ake ankamulonjeza kuti tsiku la ukwati wake adzamuimbira "Nsapato za Alamu" yonse, osalumpha kanthu. Koma Loweruka lomwelo mfumu inali kubwera ku Zenizeni kudzaona mmene lamulo likulumira, ndipo bandi ya apolisi inali itakonzeka kuliza nyimboyo tsiku lonse. Mwini nyimbo anayenera kukhala pampando kuyambira m'mawa mpaka mfumu itakhuta.

A Kamtedza anapita kukagwada kwa a Mkokomo, chipewa chili m'manja.

"Bwana, mwana ndi mmodzi yemweyo. Ndingomuperekeza, ndiimbe kamodzi, ndibwerako dzuwa lisanapendeke."

"A Kamtedza, a Kamtedza," anatero a Mkokomo akupukusa mutu mwachifundo. "Inu ndinu katundu weniweni. Katundu weniweni akawoloka ngalande amasakanikirana ndi feki. Nanga mukakatibwerera muli ena? Zonsezi tikuchita chifukwa chokukondani."

"Mukanandidako pang'ono, bwana, bwenzi ndikupuma."

A Mkokomo anaseka kwambiri, n'kuuza mlembi wawo kuti oimba ndi anthu anthabwala.

Kunyumba, Eneleti sanalire. Anangopitiriza kusita diresi lake, n'kunena chapansipansi kuti, "Palibe kanthu, ababa. Amalume andiperekeza." Mawu amenewo anawapweteka a Kamtedza kuposa kaliyala. Anakhala pakhonde, banjo ili pamiyendo, osaikhudza. Mtima unawawawa zedi, ndipo ananena poyera kuti akanadziwa, bwenzi atapeka nyimbo yoipa.

Nangondo anayamba kukonza pulani. Iwo anali mayi wosachedwa ndi kudandaula, ndipo anali ataona kanthu pamsika.

Paja a Kamtedza anali amodzi, koma zinkhoswe, mowa ndi mabafa m'chigawo cha Zenizeni zinali zosawerengeka. Ndiye anthu a ku Onerapo anachita chimene amachidziwa. Madala onse opanda chochita anagula zipewa zonga cha a Kamtedza, n'kukhoma mabanjo a zigubu, n'kuyamba ganyu yokhala pampando. Tsidya la Bolakunena ankawatsatsa poyera, pakati pa tomato ndi makala.

"A Kamtedza feki! A Kamtedza feki! Awa samwa kwambiri! Awo amabwera ndi mpando wawo!"

Mukagwirizana nawo, ankawoloka ngalande mwakachetechete n'kukakhala paphwando panu ndi nkhope yaulemu. Apolisi akafika, ankapeza mwini nyimbo alipo, n'kulandira chikho chawo, n'kumapita.

Lachisanu Nangondo anamanga chitenje n'kuyendera madala onsewo mmodzimmodzi. Aliyense ankamunong'oneza zofanana: "Mawa kubwalo la mfumu kuli mpunga ndi nyama ya ng'ombe, mbale yapadera ya a Kamtedza. Mukachedwa adya anzanu." Amuna awo sanawauze kanthu, chifukwa ankawadziwa kuti bodza silikhala m'kamwa mwawo, limatulukira pankhope.

Loweruka m'mawa nsanja ya mfumu inamangidwa pamsika, m'mphepete mwa ngalande, kuti mfumu ione ndi maso ake mulu wa feki umene unayenera kutenthedwa. Mfumu inafika tsitsi lili bii, ambulera awiri ali pamutu ngakhale kumwamba kunalibe kamtambo. A Mkokomo analankhula mpaka ana anagona, kenako anakweza dzanja.

"Ndipo tsopano, mwini dziko, chuma cha chigawo chathu! A Kamtedza abwere kutsogolo!"

Anabweradi. Anatuluka kumbuyo kwa mabenchi a nsomba, m'makwalala a kaunjika, ena kuchokera kuchigayo, onse zipewa zofanana, onse mabanjo kukhosi, onse akuyang'ana kumene kunkachokera fungo la nyama. Pakati pawo panali a Kamtedza enieni, atangotsika panjinga ya Sajeni Dzoole, otuwa ndi fumbi, jekete yong'ambika, ooneka osauka kuposa onse.

Mfumu inawayang'ana, n'kuyang'ana a Mkokomo. "Chuma chanu chaswana?"

A Mkokomo chuma chawocho anali asanachiyang'anitsitsepo kumaso. "Sajeni! Iwe wakhala ukuwanyamula masiku onsewa. Enieni ndi ati?"

Sajeni Dzoole, amene miyendo yake inali itatopa ndi mapiri a Zenizeni, anaima njo n'kuchita sawasha. "Bwana, ine ndimapalasa. Munthu wa pakaliyala amakhala kumbuyo, nkhope sindimuona."

Mfumu inafunsa anthu a pamsika. Onse ankawadziwa bwino a Kamtedza, ndipo onse anali ataitanidwa kuukwati. Mayi wa sopo uja anayankha m'malo mwa anzake. "Pepani mwini dziko, ife maso anatha ndi utsi wa feki amene amatenthedwa pano. Madala onse timangowaona ofanana."

Pamenepo a Mkokomo anapeza nzeru, ndipo nkhope yawo inawala. Anatumiza wapolisi kukatenga chimbale chimodzi pamulu wa zotenthedwa uja. "Umboni ndi uwu, mwini dziko. Tiliza chimbale, kenako aliyense aimbe. Amene afanane nacho ndiye mwini nyimbo."

Nduna ina inafunsa ngati kuliza chimbalecho sikuphwanya lamulo. A Mkokomo anayankha kuti mwini nyimbo alipo ndithu pabwaloli, kungoti sakudziwika kuti ndi uti. Nduna zonse zinagwedeza mitu, n'kunena kuti nazonso zimaganiza chimodzimodzi.

Chimbale chinalira, chinathina-thina, chinalumphira kumapeto. Kenako madala anayamba kuimba mmodzimmodzi. Eee, koma anakonzeka anthu aja! Onse anaphunzira nyimboyo kuchimbale chokandika, ndiye ankathina-thina mosaphonya. Koma katswiri anali mkulu wina wonenepa, wogulitsa nyama wopuma pantchito, wa chipewa chatsopano. Ameneyo pofika pokandika paja ankachita kugwedeza khosi ngati nkhuku yomeza chimanga, ndipo polumphira kumapeto ankalumphadi ndi miyendo. Mfumu inaomba m'manja, nduna n'kuombanso.

Kenako inafika nthawi ya a Kamtedza enieni. Iwo za pulani ya akazi awo sankazidziwa. Chimene ankadziwa n'chakuti anthu akuba nkhope yawo pamaso pawo, ndipo magazi anawira. Anakunga banjo, anatsokomola fumbi, n'kuyamba ndi mawu awo osasawo:

*Nsapato za alamu ndabwereka m'mawa,*
*zikundithina, koma sindivula.*
*Ndithamange choncho, chala chitupe...*

"Imani! Imani pomwepo!" anakuwa a Mkokomo. "Thina mmodzi yekha? Ena aja mwawasiya kuti? Ndipo za chala chotupazo mwazitenga kuti? Pachimbale mulibe chala!"

"Chimbalecho n'chokandika, bwana."

"Mwamva, mwini dziko? Akunyoza umboni wa boma! Munthu uyu ngakhale kukopera sakutha. Mwa feki yense amene tagwira chaka chino, uyu ndiye wotchipa."

A Kamtedza anakuwa mwaukali. "Ine feki? Ine Gelevazio, mwana wa Kamtedza? Nsapatozo ndinabwereka ndine! Alamu akewo ndi anga, ali moyo, akhoza kubwera pano ndi..."

Sanamalize. Nangondo anali atafika kale pambali pawo, ndipo anawatsina pamkono, kutsina kwa munthu amene wakhala nawe pabanja zaka zambiri.

"Abambo ake Eneleti," ananong'ona, "tatsekani pakamwapo, mumvetsere."

A Kamtedza anatseka pakamwa. Kutsidya kwa ngalande belu la tchalitchi linali kulira.

Anayang'ana akazi awo. Anayang'ana Sajeni, amene anali kuyang'ana kumwamba ngati kuli ndege. Anayang'ana anthu a pamsika, ndipo anaona kuti pansi pa zitenje zakuntchito amayi onse avala zakuukwati. Dzina lawo linali chinthu chokhacho chimene nyimboyo inawapatsa, ndipo kulitaya kunawawa, tisanamizane.

"Iwe mkulu," inatero mfumu, "ukuvomera kuti ndiwe feki?"

"Ndikuvomera, mwini dziko. Kuyambira kuphazi mpaka kuchipewa."

"Lamulo likuti chiyani?"

"Likuti atenthedwe, mwini dziko," anayankha a Mkokomo monyadira. Kenako anaganizapo pang'ono. "Kapena titenthe banjo yokhayo."

Wapolisi anatulutsa machesi. Koma mfumu inayang'ana mulu uja, inayang'ana dzuwa, n'kugwira tsitsi lake mosamala ndi nsonga za zala. Mankhwala atsopanowa anali asanayesedwe pamoto, ndipo thukuta silisiyana kwenikweni ndi mvula.

"Moto ayi," inatero msangamsanga. "Mutayeni kutsidya, ndi banjo yake yomwe. Kumeneko feki amamulola."

Sajeni Dzoole sanadikire kuuzidwa kawiri. Anawabereka a Kamtedza kumsana, n'kudumpha nawo ngalande, n'kuwatsitsa bwinobwino ngati mazira. "Mwatayidwa, madala," anatero mokweza. Kenako chapansipansi anati, "Mundisungireko kachiwindi." Anthu a pamsika nawo anayamba kudumpha, mmodzi pambuyo pa mnzake, monga anazolowera. Mfumu itafunsa kumene akupita, a Mkokomo anati akuthawa ukali wa lamulo, ndipo mfumu inakondwa kwambiri. Tsiku lomwelo a Mkokomo anapatsidwa mpando wa pafupi ndi nyama. Mkulu wa chipewa chatsopano uja anakhazikidwa pampando wa chuma cha chigawo, ndipo Lolemba lake Sajeni wina anamufikira ndi njinga m'mamawa.

A Kamtedza analowa m'tchalitchi ndi jekete yong'ambika yomweyo, Eneleti atangofika pakhomo ndi amalume ake. Amalumewo anangosuntha, n'kuwapatsa dzanja la mwana wawo.

Madyerero anachitikira pabwalo la sukulu. Ku Onerapo mkwatibwi amakhala chozyolika tsiku lonse, maso pansi, osaseka, osalankhula, kuti anthu aone kuti analeredwa. Azakhali ake awiri anakhala kumbuyo kwake kuonetsetsa kuti khosi lisadzuke. Tsidya lina bandi ya apolisi inkamveka ikuthina-thina mosalekeza.

Wotsogolera mwambo anali munthu womvera malamulo a chigawo chake. Anagwira chokuzira mawu n'kulengeza mokweza kuti, "Amayi ndi abambo, monga mwa lamulo la Bolakunena, ndikudziwitseni kuti amene atiimbire tsopanowa ndi a Kamtedza feki, bambo ake enieni a mkwatibwi!"

Nthungululu zinamveka mpaka kunsanja ya mfumu. Anthu anadzaza bwalo, ziuno zili zokonzeka. A Kamtedza anayamba, ndipo pofika pa "zikundithina" khamu lonse linakweza mwendo kudikira pokandika paja. Sipanabwere. Miyendo inatsika yokha umodziumodzi, bwalo linakhala zii, ndipo mawu osasa aja anapitirira:

*Ndithamange choncho, chala chitupe,*
*kuchipatala kwabadwa mwana.*
*Ndisapite chosavala, angandione,*
*angati bambo ake ndi wosauka.*
*Eneleti, Eneleti, dikira ndafika.*

Anthu amene anavina nyimboyo moyo wawo wonse anayang'anana. Ankayesa ndi nyimbo ya nsapato basi. Nangondo anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, n'kunamizira utsi wa kukhitchini. Alamu ake a Kamtedza, eni nsapato, anaimirira n'kumauza aliyense kuti zinali zawo, zachikopa chenicheni.

Eneleti anadzutsa mutu. Azakhali anamukoka velo, wina anamutsina m'nthiti, koma khosi linakana kubwerera. Anayang'ana bambo ake, misozi ikutsika, kenako anaseka mano onse poyera, pamaso pa apongozi ndi abusa omwe.

"Ababa," anatero mokweza, mwambo uli apo, "chala chija chinapola?"

A Kamtedza anayang'ana phazi lawo lotuwa ndi fumbi la chigawo chonse cha Zenizeni.

"Sichinapole, mwanawe, kukazizira chimawawabe. Koma tsiku lija ndinafika, ndipo lero ndafikanso."